Mtsinje wa Cooper ndi Madambo Ake

Mtsinje wa Cooper uli m'chigawo chouma cha dziko la Australia ndipo ndi wotalika pafupifupi makilomita 1,300. Nthawi zambiri mtsinjewu umaphwa n'kungotsala maiwe. Koma kukagwa mvula yambiri ku Queensland, madzi amasefukira m'zigwa, msipu umaphuka, nsomba zimaswana ndipo mbalame zimakhamukirako. Madambo a Coongie, omwe analowa m'pangano la Ramsar m'chaka cha 1987, amadalira madzi osefukirawa.

M'zaka za m'ma 1990, anthu ena anafuna kupatutsa madziwa pafupi ndi Windorah kuti azithirira thonje. Oweta ng'ombe ndi akatswiri a zachilengedwe anakanitsitsa, ndipo ntchitoyo inalephereka. Iwo ankadziwa kuti madzi akatsekedwa kumtunda, madambo akumunsi amafa.