Citsulo Cimene Sicicita Dzimbiri

Kale Acewa a ku Katete, Sinda ndi Vubwi anali kudziwa kuyenga citsulo. Anali kuthira miyala ndi makala m'ng'anjo, napemerera moto ndi mvukuto, ndipo wosula anali kusula makasu ndi nkhwangwa. Koma citsulo cotere ciri ndi zilema ziwiri: ndi colemera, ndiponso cikagona pa mvula cicita dzimbiri.

Ciripo citsulo cina cimene ciribe zilema izi, dzina lace titaniyamu. Mbusa wina wa ku England, William Gregor, ndiye anacipeza mu mcenga wakuda m'caka ca 1791. Koma panapita zaka zoposa 100 anthu asanadziwe kuciyenga bwino. Cifukwa cace ndi ici: titaniyamu akatentha amamwa mpweya, nasanduka wosacedwa kuthyoka. Motero ng'anjo ya makala siingathe kumuyenga.

Njira imene amatsata lero anaipeza William Kroll, naitsiriza m'caka ca 1940. Poyamba amaocha mcenga pamodzi ndi makala ndi mpweya wa klorini, ndipo pamatuluka madzi ofuka utsi. Madziwo amawathira pa citsulo cosungunuka ca maginiziyamu, mu mphika waukulu wotseka kuti mpweya wa kunja usalowe. Cotsalamo ndico titaniyamu wa mabowo-mabowo ngati cisa ca njuci. Ameneyo amamuphwanya, namsungunula ndi moto wa magetsi. Kuti asungunuke pafunika kutentha kwa madigiri 1,668.

Monga dothi la mbiya lilimba akalisakaniza bwino, titaniyamu nayenso amaonjeza mphamvu akamsakaniza ndi zitsulo zina. Msanganizo wochuka unapezeka m'ma 1950. Pa magawo 100, magawo 90 ndi titaniyamu, 6 ndi aluminiyamu, ndipo 4 ndi vanadiyamu. Ndi wolimba ngati citsulo ca khasu, koma kulemera kwace kungopitirira theka pang'ono. Ndico cifukwa amisiri amaugwiritsa nchito popanga ndege ndi injini zace.

Nchito ina ndi ya m'cipatala. Ku cipatala ca St Francis ku Katete kumafika anthu othyoka mafupa, ndipo fupa lina silingalumikizike popanda kacitsulo kolicirikiza. Citsulo ca khasu cikadacita dzimbiri m'thupi. Koma m'caka ca 1952 sing'anga wa ku Sweden, Per-Ingvar Brånemark, anaona kuti fupa limamera nkumamatira pa titaniyamu. Lero m'maiko ambiri amapangira titaniyamu misomali ya mafupa, mfundo za m'ciuno ndi mizu ya mano.

Mcenga wace suli kutali. Ku Moma, m'Mozambique, akhala akuukumba kuyambira 2007. Ku Kasiya, m'boma la Lilongwe, kutsidya kwa malire a Malawi, anapeza mtundu wace wochedwa rutile, ndipo m'caka ca 2022 kampani ya Sovereign Metals inalengeza kuti kulibe malo ena odziwika okhala ndi rutile wocuruka cotere. Komabe mcenga ndi wochipa. Ca mtengo wapatali ndi citsulo coyenga. Dziko logulitsa mcenga wokha lipata pang'ono, koma lokhala ndi magetsi okwanira ndi amisiri ophunzira ndilo lidya phindu.

MAFUNSO
1. Cifukwa ninji ng'anjo ya makala siingayenge titaniyamu?
2. Chulani zitsulo zitatu za mu msanganizo uja.
3. Fotokozani cifukwa cace asing'anga amakonda citsulo cimeneci.