Njira zotsika mtengo zodindira tisheti imodzi

Pakamayandikira 1 December, tsiku lokumbukira matenda a Edzi, kapena sabata yolimbikitsa kuyamwitsa ya pa 1 mpaka 7 August, magulu a zaumoyo m'maparishi amafuna matisheti okhala ndi uthenga. Koma nthawi zina imafunika imodzi yokha: ya wodzipereka amene walowa m'gulu mochedwa, ya mphatso, kapena yoti komiti iyambe yaona musanaitanitse zambiri. Apa m'pamene ambiri amabwerako kwa odinda atagwa ulesi ndi mtengo. M'phunziro lino tiona chimene chimakweza mtengowo, ndi njira zitatu zoupewera.

Chifukwa chiyani imodzi imadula?

Odinda ambiri amagwiritsa ntchito njira ya screen printing. Amakunga nsalu yonga sefa pa felemu, n'kutseka timabowo take kupatula pomwe pali zilembo, kenako n'kukankhirapo penti. Mtundu uliwonse wa penti umafuna sefa yakeyake. Ntchito yokonza sefayo ndi imodzimodzi, kaya mudinda tisheti imodzi kaya 100. Matisheti akachuluka amagawana mtengowo, koma ikakhala imodzi imausenza yokha. Choncho wofuna imodzi asankhe njira yosalira sefa.

Yambani mwaona nsalu

Werengani kansalu kolembedwa kamene kamakhala pakhosi kapena m'mbali mwa tisheti. Kodi ndi ya thonje kapena ya polyester? Ndi yoyera kapena yakuda? Mayankho a mafunso awiriwa ndiwo asankhe njira. Tisheti yopanda zolemba ya pa kaunjika nayonso imadindika bwino. Ikhale yatsopano kapena ayi, ichapeni kaye, chifukwa thonje latsopano limafupika likachapidwa koyamba.

Njira yoyamba: kuboola zilembo ndi kupaka penti

Iyi ndiyo yotsika mtengo kuposa zonse, ndipo siilira kompyuta. Imayenera mawu ochepa a zilembo zikuluzikulu za mtundu umodzi, monga akuti YAMWITSANI MWAKATHITHI MIYEZI 6. Mufunika pulasitiki yolimba ngati ya chikuto cha faelo, lezala latsopano, siponji, katoni, selotepi ndi penti ya nsalu.

1. Lembani mawu pa pulasitiki n'kuboola zilembo. Pa zilembo zokhala ndi mkati monga A, O ndi D, siyani timilatho tiwiri kuti mkatimo musagwe.
2. Lowetsani katoni m'kati mwa tisheti kuti penti isadutsire kumsana.
3. Matani pulasitiki ndi selotepi kuti isasunthe.
4. Tapani penti pang'ono ndi siponji, ndipo muzidinda mogogoda. Mukakhula, penti imalowa kunsi kwa pulasitiki, zilembo n'kuyererana.
5. Nyamulani pulasitiki mosamala, tisheti iume kwa maola 24.
6. Yalani kansalu pamwamba pa zilembo n'kusita kwa mphindi 3 mpaka 5. Kutenthako ndiko kumamatiza penti ku nsalu. Simbi ya makala imagwira ntchitoyi.

Musagwiritse ntchito penti ya mafuta yopaka zitseko. Imaumitsa nsalu ngati chikopa, imang'aluka, ndipo mafuta oisungunulira amayabwa pakhungu ndi kupweteketsa mutu. Gwirirani ntchito pamalo popita mphepo, ana ali kutali ndi lezala ndi simbi.

Njira yachiwiri: pepala lomata ndi simbi

Ngati mukufuna chithunzi cha mitundu yambiri, pali pepala lotchedwa transfer paper. Chithunzi chimasindikizidwa pa pepalalo ndi makina a inki yamadzi, kenako chimasamutsidwira pa tisheti ndi simbi. Mapepalawa alipo a mitundu iwiri. La nsalu zoyera limafuna kuti chithunzi chisindikizidwe chotembenuza, monga chimaonekera pagalasi. Mukaiwala, mawu adzawerengeka chobwerera m'mbuyo. La nsalu zakuda salitembenuza, koma dulani bwino m'mphepete, chifukwa mbali iliyonse yotsala imaoneka yoyera.

Apa simbi ya magetsi ndiyo yabwino, popeza kutentha kwake sikusinthasintha. Musathiremo madzi. Sitirani pa tebulo lolimba, mukanikize ndi manja onse awiri, ndipo tsatirani nthawi yolembedwa pa paketi. Kuipa kwa njirayi n'kwakuti chithunzi sichichedwa kung'aluka ndi kusuluka. N'chokwanira pa mwambo wa tsiku limodzi, osati pa tisheti yovala sabata ndi sabata.

Njira yachitatu: kwa odinda okhala ndi makina otenthetsera

M'matauni muli odinda amene amalandira ngakhale tisheti imodzi. Afunseni njira imene amagwiritsa ntchito.

Vinyl ndi pulasitiki yopyapyala imene makina amadula n'kuimata ndi kutentha kwa madigiri pafupifupi 150. Ndiyo timaiona pa maina ndi manambala a majezi a mpira. Imalimba, koma siyenera zithunzi za anthu.

Sublimation imalira kutentha kofika pafupifupi madigiri 200, pomwe inki imasanduka nthunzi n'kulowa mu ulusi weniweniwo. Simatuka, koma imagwira pa polyester yoyera kapena yowala basi. Pa thonje imachoka ndi madzi.

DTF amasindikiza chithunzi pa filimu, n'kuwazapo ufa womata, kenako n'kuchitenthetsera pa nsalu. Imagwira pa thonje ndi polyester, yoyera kapena yakuda. Ngati mukufuna chithunzi chokhalitsa pa tisheti yakuda ya thonje, funsani imeneyi.

Musanadinde

Tisheti ya uthenga imawerengedwa pamsika, m'minibasi ndi kuchigayo, ndipo yadindidwa yadindidwa. Uthenga wa zaumoyo uyambe waonedwa ndi namwino kapena mlangizi wa zaumoyo, ndipo anthu awiri awerenge chilembo ndi chilembo. Musadinde nkhope ya wodwala kapena ya mwana popanda chilolezo chake kapena cha makolo. Potumiza chithunzi pa WhatsApp, chitumizeni ngati document, chifukwa mukangotumiza wamba chimachepetsedwa n'kutuluka chosaoneka bwino. Pa zovala za makanda pewani zomata, popeza zikayamba kumatuka mwana akhoza kuika mkamwa n'kutsamwa.

Kasamalidwe

Dikirani tsiku limodzi musanachape. Itembenuzeni, ichapeni ndi madzi ozizira, osaikhula pamwala. Yanikani pamthunzi, ndipo musasite pamwamba pa zodindazo.

Ntchito ya pagulu

1. Aliyense abweretse tisheti, awerenge nsalu yake, anene njira yoiyenera.
2. Gwirizanani uthenga wa zaumoyo wosapitirira mawu 5.
3. Yesani njira yoyamba pa nsalu yakutha, muichape katatu, kenako muweruze ngati mungadinde pa tisheti yeniyeni.