Kasankhidwe ka Mavalavu a Preamp pa Ampu ya Gitala

Ampu ya gitala yogwiritsa ntchito mavalavu imakhala ndi zigawo ziwiri zikuluzikulu. Chigawo choyamba, chotchedwa preamp, chimalandira timagetsi tochepa kwambiri tochokera ku gitala, n'kutikuza ndi kutiumba kuti mawu akhale owala, okhuthala kapena okhadzula, pamene chigawo chachiwiri chimangowonjezera mphamvu zokankhira sipika. Valavu, imene anthu a ku America amaitchula kuti tube, ndi kabotolo ka galasi kochotsedwa mpweya, kamene m'kati mwake muli chitsulo chotenthetsedwa chotchedwa cathode, china cholandira magetsi chotchedwa plate, ndi kawaya kopota kotchedwa grid kamene kamalamulira kuchuluka kwa magetsi odutsa pakati pa ziwirizo. Mavalavu a preamp ndi ang'onoang'ono ngati chala chachikulu cha kumanja, ali ndi mapini 9, ndipo ambiri mwa iwo ali ndi zokuzira ziwiri m'botolo limodzi.

Ntchito yoyamba ya wosankha ndi kudziwa malo amene valavu ikakhale, pakuti valavu yabwino pa soketi ina ikhoza kukhala yosayenera pa soketi yoyandikana nayo. Masoketi amawerengedwa kuti V1, V2, V3 mpaka kumapeto, kuyambira pafupi ndi polowera chingwe cha gitala, ndipo maampu ambiri amakhala ndi pepala lomatidwa m'kati mwa bokosi losonyeza nambala ya valavu yofunika pamalo aliwonse. Valavu yoyamba kulandira mawu a gitala ndiyo yofunika koposa, chifukwa phokoso lililonse limene yatulutsa limakuzidwanso ndi mavalavu onse otsatira. Pa maampu a Fender a mizere iwiri monga Deluxe Reverb ndi Twin Reverb, V1 imatumikira mzere wa Normal pamene V2 ndiyo yoyamba ya mzere wa Vibrato, kotero woimba amene amalumikiza gitala ku Vibrato akasintha V1 samva kusiyana kulikonse ngakhale atagula valavu yodula chotani.

Malo akadziwika, chotsatira ndi nambala ya valavu, imene imanena kukula kwa gain, ndiko kuti kuchuluka kwa momwe valavu ingakuzire magetsi olowa. Valavu yofala kuposa zonse ndi 12AX7, imene kampani ya RCA inayamba kugulitsa m'chaka cha 1947 ndipo ku Ulaya imatchedwa ECC83, ndipo mphamvu yake yokuzira ndi 100. Abale ake olowa m'soketi yomweyo ndi 5751 ya mphamvu 70, 12AT7 kapena ECC81 ya mphamvu 60, 12AY7 ya mphamvu yopitirira pang'ono 40, ndi 12AU7 kapena ECC82 yosapitirira 20, pamene 7025 ndi 12AX7 yomweyo yopangidwa kuti ikhale yaphokoso lochepa. Kufunika kwa nambalazi kumaoneka bwino pa mbiri ya maampu awiri otchuka. Fender Bassman ya kumapeto kwa zaka za m'ma 1950 inali ndi 12AY7 pa V1, ndipo pamene kampani ya Marshall ku London inatengera kalumikizidwe ka ampuyo popanga JTM45 m'chaka cha 1962, inaika ECC83 pamalo omwewo, chimene chili chimodzi mwa zifukwa zimene ampu ya ku England inkafulumira kukhadzula mawu kuposa ya ku America. Choncho woimba amene ampu yake imayamba kukhadzula voliyumu isanakwere, pamene iye akufuna mawu oyera, angayese 5751 kapena 12AY7 pa V1, ndipo kusinthaku kumamveka kwambiri kuposa kuchotsa 12AX7 ya kampani ina n'kuika 12AX7 ya kampani inanso.

Kukwanira m'soketi sikutanthauza kuyenera. Pa maampu a Fender a reverb, ndiko kuti opangitsa mawu kumveka ngati akuchokera m'holo, valavu yokankhira masipuling'i a reverb ndi 12AT7, chifukwa imatha kudutsitsa magetsi ochuluka kuposa 12AX7, ndipo 12AX7 siyenera pamenepo. Valavu ya EF86, imene inali m'maampu ena oyambirira a Vox, nayonso ili ndi mapini 9, koma mapiniwo analumikizidwa mosiyana kotheratu, ndipo siyenera kusinthanitsidwa ndi banja la 12AX7. Palinso malo otchedwa cathode follower, amene pa maampu a mtundu wa Bassman ndi Marshall zakale amapezeka pa V2, pomwe cathode imakhala ndi magetsi okwera. Mavalavu ena amakono salimba pamenepo, ndipo wogula ayenera kuuza wogulitsa kuti valavuyo ikupita pamalo otere.

Chachitatu ndi bata, ndipo apa m'pamene ndalama zimagwira ntchito yeniyeni. Valavu imene zitsulo zake zam'kati zakhwepa imasanduka ngati maikolofoni, kutola kunjenjemera kwa bokosi n'kukutulutsa pa sipika ngati kulira kwa belu kapena likhweru losalekeza. Kuyesa kwake n'kosavuta: ampu ili yoyaka, voliyumu ili pakatikati, mwini wake amagogoda pang'onopang'ono pagalasi la valavu iliyonse ndi pensulo yamtengo, osati chitsulo, ndipo kaphokoso kochepa komveka kamodzi n'kozolowereka, makamaka pa V1, koma valavu yolira mokweza kapena yopitiriza kulira atasiya kugogoda ndi yofunika kuchotsedwa pamalopo. Mavalavu a plate yaitali amagwidwa ndi vutoli kawirikawiri kuposa a plate yaifupi, n'chifukwa chake ampu ya combo, imene sipika yake ili m'bokosi limodzi ndi mavalavu, imayenerana bwino ndi a plate yaifupi. Valavu yolira pang'ono siyofunika kutayidwa, poti nthawi zambiri imagwira ntchito bwinobwino ikasamutsidwira ku soketi yakumapeto. Wogula ayang'anenso kabanga konyezimira ngati siliva kokhala pamutu pagalasi, kotchedwa getter, chifukwa kakayera ngati ufa ndiye kuti mpweya walowa ndipo valavuyo yafa.

Dzina la kampani limabwera pambuyo pa zonsezi, ngakhale kuti ndilo limene ogula amakanganirana kwambiri. Mafakitale opanga mavalavu atsala ochepa, ndipo odziwika ndi JJ Electronic ya ku Čadca m'dziko la Slovakia, fakitale ya ku Saratov m'dziko la Russia, ndi ena a ku China. Mavalavu atsopano olembedwa Sovtek, Electro-Harmonix, Tung-Sol ndi Mullard amachokera ku fakitale imodzi yomweyo ya ku Saratov, kotero Mullard yamakono ndi yosiyana ndi ija yakale yopangidwa ku Blackburn ku England. Mavalavu akale osagwiritsidwapo ntchito, amene amalonda amawatchula kuti NOS, monga a Telefunken, RCA ndi Mullard yakaleyo, ndi odula kwambiri ndipo achinyengo amadinda maina amenewa pa mavalavu wamba, choncho valavu yatsopano yoyesedwa phokoso ndi wogulitsa wolola kubweza katundu imaposa yakale yosadziwika kumene yachokera. Wokhala ndi ndalama zokwanira valavu imodzi yokha yapamwamba aiike pa soketi yoyamba.

Poika valavu, ampu imazimitsidwa, pulagi imazulidwa pakhoma, ndipo mavalavu amasiyidwa kuti azizire. Yakale imakokedwa molunjika uku ikugwedezedwa pang'ono, ndipo yatsopano imalowetsedwa poyang'ana mpata wopanda pini kuti ugwirizane ndi mpata wa pasoketi, popanda kukakamiza, chifukwa pini ikapindika galasi limang'aluka patsinde. Mavalavu a preamp safuna kuchunanso bias, umene ndi muyeso wa magetsi oyenda m'valavu ikakhala chete, monga momwe mavalavu akuluakulu a EL34 kapena 6L6 amafunira pa maampu ambiri. Komabe kutsegula bokosi lachitsulo lokhala ndi mawaya ndi ntchito ya mmisiri wa zamagetsi yekha, popeza makapasita a m'menemo amatha kusunga magetsi opitirira 400 V ngakhale ampu itazimitsidwa. Kusintha kuchitike valavu imodzi nthawi imodzi, gitala, chingwe ndi mabatani zili momwe zinalili, ndipo valavu yochotsedwa ilembedwe nambala ya soketi yake pa katepi kuti ibwezeredwe pomwepo ngati yatsopanoyo siinakome m'khutu.