Phunziro: Mawu a Chingerezi Onena Zamkutu

Ana inu, ikani zolembera pansi kaye. Mukamalemba chimangirizo mumangoti nonsense paliponse, ngati Chingerezi chili ndi liwu limodzi lokha la zamkutu. Mawuwa alipo ambiri, ndipo lililonse lili ndi mwini wake.

Gibberish ndi zolankhula zosamveka n'komwe, zonga za munthu wobwebweta ndi malungo. Ameneyo alibe mlandu. Mlandu uli pa gobbledygook. Amene anapeka liwuli mu 1944 ndi Maury Maverick wa ku Texas, atatopa ndi makalata a boma la America odzaza mawu ataliatali ozungulira. Analitengera ku kulira kwa nkhukundembo, ija imayenda modzitukumula. Wolemba gobbledygook mutu wake uli bwinobwino, kungoti akufuna wowerenga adzione ngati mbuli. Palinso bunkum. Mu 1820 phungu wina, Felix Walker, analankhula kwa nthawi yaitali m'nyumba ya malamulo ya America, anzake akumuuza kuti akhale pansi, iye n'kumati akulankhulira anthu akwawo ku Buncombe. Ndiye bunkum ndi zolankhula zongofuna mavoti. Izi sindifunika kukufotokozerani, mumazimva nokha nthawi ya kampeni.

Tsono pali zamkutu zina zimene ine ndimazilemekeza, zopeka dala mwaluso. Edward Lear anatulutsa A Book of Nonsense mu 1846, buku lodzaza tindakatulo ta mizere isanu totchedwa limerick. Lewis Carroll, amene ankaphunzitsa masamu ku Oxford, anaika ndakatulo ya Jabberwocky m'buku la Through the Looking-Glass mu 1871. Mawu ambiri mmenemo ndi opeka, koma galamala yake sanaiphonye mpang'ono pomwe: mukuwerenga mumadziwa kuti ili ndi dzina, uyu ndi mneni, ndipo mumamva kuti chilombo chaphedwa ngakhale simunachione. Liwu la chortle analipanga polumikiza chuckle ndi snort, kuseka kotulukira m'mphuno, ndipo lero lili m'dikishonale. Nyimbo zanu zamasewera apabwalo nazonso zili ndi mawu amene palibe angawamasulire, koma wina akaphonya limodzi nonse mumamuwowoza.

Mawa aliyense abwere ndi liwu lopeka yekha polumikiza mawu awiri a Chingerezi, aliike m'chiganizo cha galamala yolondola. Wondibweretsera gobbledygook adzabwerezanso.