Nkhandwe ikundithera nkhuku

Funso: Ndimaweta nkhuku ku Msongwe, pafupi ndi nkhalango ya Kaning'ina. Nkhandwe ikundithera nkhuku. Ndingapange bwanji msampha woigwira yamoyo?
*Mayi woweta nkhuku, Mzuzu*

Yankho: Pepani mayi, nkhuku ndi chuma. Musanatche, kaonaneni ndi a Nthambi Yoona za Nyama Zakutchire, chifukwa kugwira nyamazi popanda chilolezo ndi mlandu. Khwekhwe lawaya musaliyerekeze n'komwe.

Akakulolani, khomani bokosi la matabwa lotalika masentimita 120, mulifupi 45, msinkhu 50. Kumapeto kwake mutchinge ndi waya wolimba kuti nyama izipuma. Chitseko chikhale chotsetsereka kuchokera pamwamba, chogwiridwa ndi msomali. Mumange chingwe kuchokera pamsomaliwo kukafika panyambo ya matumbo a nkhuku mkatikati. Ikangokoka nyambo, msomali uzuka, chitseko n'kugwa.

Kaoneni msamphawo m'mamawa. Ikakodwa, phimbani bokosilo ndi chiguduli, muitane a Nthambi aja. Musaigwire: nkhandwe imafalitsa chiwewe. Wolumidwa atsuke balalo ndi sopo kwa mphindi 15, athamangire kuchipatala.

Komabe chitetezo chenicheni ndi khola lam'mwamba, lotsekedwa dzuwa lisanalowe.