Diso la Bulu kapena Kavalo Likatupa: Uthenga kwa Oweta a m'Boma la Rufunsa

Kuno ku Rufunsa akavalo ndi ochepa. Ambiri tili ndi abulu okoka ngolo za madzi, chimanga ndi makala kupita kumsewu wa Great East. Matenda a maso a nyama ziwirizi ndi ofanana, koma bulu ndi wopirira: sasonyeza ululu msanga, ndipo mwini amadzazindikira diso litayera kale.

Mukaona kutupa, choyamba yang'anani ngati ndi diso limodzi kapena onse awiri.

Diso limodzi nthawi zambiri lavulala. Mwina ndi munga, kachitsotso ka udzu kolowa m'chikope, mbola ya njuchi, kapenanso chikwapu. Tinene mosabisa: maso ambiri a abulu amawonongedwa ndi ana owamenya kumutu poyendetsa ngolo. Ngati chiweto chikutsegula diso bwinobwino ndipo chikudya, wiritsani theka la lita ya madzi, thirani kasupuni kamodzi ka tiyi ka mchere, adikireni azizire, ndiye mutsuke manthongo ndi kansalu koyera. Chisungeni pamthunzi, kutali ndi ntchentche, ndipo chisagwire ntchito. Kutupa kukapanda kutsika pofika mawa lake, itanani alangizi a ziweto.

Musadikire mawa ngati diso latsinzinidwa osatseguka, misozi ikungotsika, mkati mwayera kapena mwachita mtambo, mukutuluka mafinya, kapena chikope chang'ambika. Pamenepo pangakhale chilonda pagalasi la diso, ndipo chilonda chotere chimatha kuboola diso m'masiku ochepa. Dotolo amadontheza mankhwala openta chilondacho kukhala chobiriwira kuti achione. Fodya, shuga, palafini kapena mchere wouma zisalowe m'diso. Mankhwala a maso otsala a munthu nawonso ayi, chifukwa ena ali ndi steroid amene amakulitsa chilonda.

Maso onse awiri akatupa, nkhani ndi ina. Pamwamba pa diso la bulu ndi kavalo pali kadzenje. Kadzenje kameneka kakadzaza n'kutukumuka mbali zonse, thupi likutentha kufika madigiri 40, ganizirani matenda otchedwa African horse sickness. Amafala ndi tizilombo touluka tating'ono kuposa udzudzu, toluma madzulo, usiku ndi m'bandakucha, makamaka chakumapeto kwa dzinja. Kutupa kumatha kutsikira kumilomo, khosi ndi chifuwa. Zikafika poipa chiweto chimabanika ndi kutulutsa thovu m'mphuno. Akavalo ambiri akadwala amafa. Abulu ambiri amachira, koma amatha kusunga kachilombo koyambitsa matendawa m'magazi kwa kanthawi, ngati mmene zimachitira mbidzi. Mankhwala ochiza palibe, koma katemera alipo, wopangidwa ku Onderstepoort ku South Africa, ndipo amabayidwa mvula isanayambe. Matendawa lamulo limafuna kuti anenedwe, choncho dziwitsani ofesi ya zaziweto ya boma tsiku lomwelo, ndipo chiweto chodwala musachiyendetse kapena kuchigulitsa. Munthu satenga matendawa, koma galu akadya nyama ya chiweto chofa nawo amatha kufa. Kwirirani mtembo mozama.

Midzi ya kwa Mfumu Mpanshya, kwa Shikabeta ndi ina yoyandikira chigwa cha Luangwa kapena nkhalango ya Lower Zambezi ikumbukirenso ntchentche ya kashembe. Chiweto chodwala chifukwa cholumidwa nayo chimaonda ngakhale chikudya, mkati mwa zikope mumayezuka, miyendo ndi pansi pa mimba zimatupa, maso nawo n'kumalira. Pamafunika kuyeza magazi kaye. Musabaye nokha mankhwala a ng'ombe ogula pamsika, chifukwa mlingo wake ndi wosiyana ndipo ena amapweteka abulu ndi akavalo.

Poimbira alangizi, auzeni tsiku limene kutupa kunayamba, diso liti, ngati chiweto chikudya, ndiponso ngati pali china chodwala m'mudzi. Muli ndi foni ya kamera, jambulani nkhope yonse chakutsogolo kuti maso onse awiri aoneke. Diso lofunika opaleshoni alangiziwo angakutumizeni nalo kusukulu ya madotolo a ziweto ya University of Zambia ku Lusaka.

Nthawi ya mvula lowetsani ziweto m'khola lofolera dzuwa lisanalowe, muzitulutse litakwera, ndipo khola likhale kumtunda, kutali ndi dambo ndi ndowe zonyowa.