Ana onse pa mpira umodzi

Woulutsa: Kalata yoyamba yachokera ku Shikabeta, m'boma la Rufunsa. Aphunzitsi a Giredi 2 akuti: "Ndikangoponya mpira, ana onse amaunjikana ngati nkhuku pa gaga. Ndakuwa kuti 'patsiranani' mpaka mawu asasa. Nditani?"

Kochi: Aphunzitsi, pumitsani kukhosi. Mwana wazaka 6 kapena 7 maso ake amakhala pa mpira basi. Mnzake woima potero samuona n'komwe. Ndi msinkhu umenewo. Chimene mungasinthe ndi chiwerengero. Agaweni atatuatatu kapena anayianayi, kabwalo ka mapazi 20 m'litali ndi 15 m'lifupi, zigoli za njerwa, popanda goloboyi. Pa anthu 11 mbali iliyonse mwana wamanyazi amaweruka osaugunda mpira, koma pa atatu alibe pobisala.

Mwina muti mipira ilibe. Chimpombwa cha mapulasitiki n'chokwana, ndipo poti sichinjanja chimazoloweretsa mpira wapansi. Mukamagula, funsani saizi 3. Saizi 5 ndi ya akuluakulu, imalemera ku timiyendo.

Woulutsa: Nanga kupatsira kwenikweniko aphunzitse bwanji?

Kochi: Ana osavala nsapato amakonda kumenya ndi chala chachikulu, mpira n'kupita kumene wafuna wokha, chikhadabo n'kutsala m'fumbi. Aonetseni m'kati mwa phazi. Phazi linalo liponde pambali pa mpira, zala zitaloza kwa mnzake, chifukwa kumene laloza n'kumene mpira ukupita. Kenako atatu aime mozungulira, mmodzi pakati azilanda. Wolanditsa alowe pakati. Lamulo likhale limodzi: wapatsa, suntha. Kuukira kumayambira pamenepo, pa mwana amene alibe mpira koma wathamangira poyera. Ameneyo ndiye muzimuombera m'manja ndi kumutchula dzina, anzake amve. Atsikana a mpira wamanja seweroli likuwayeneranso, pajatu kumeneko wogwira mpira sathamanga nawo ndipo ali ndi masekondi 3 okha.

Woulutsa: Ina yachokera kwa bambo wa ku Rufunsa konko: "Mwana wanga wamkazi wazaka 8 amasewera ndi anyamata, koma ngwaumbombo, amangodyetsa njomba osapatsa anzake. Ndimuletse?"

Kochi: Ayi bambo, musatero. Barbra Banda anayambira pa anyamata ku Lusaka, ndipo mu 2021 ku Olimpiki ya Tokyo anamwetsa zigoli zitatu pokumana ndi Netherlands, zitatunso pokumana ndi China. Kupatsira tingamuphunzitse ngakhale atakulako, koma mtima wolimbana ndi wotchinga ukangophedwa subwerera msanga. Ine ndimadandaula kwambiri ndi mwana amene amangoutaya mpira poopa kukalipiridwa. Pochokera kubwalo mufunseni kuti, "Adakuzinga angati?" Akati awiri, mufunseninso kuti ndani anatsala yekha. Ayankhe iye mwini, inu musamuuze.